Kwa mwana wanga ku Scotland, za chipinda chija cha ku Shuttle Row

Mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, iwe, apongozi anga ndi amuna anga aang'onowo. Kuno tilipo. Bambo ako bondo lija likumawavuta m'mawa kukazizira, koma kudimba sakulephera kupita, ukuwadziwa iwe kusamva kwawo. Ndalama ya mwezi uno yafika, zikomo kwambiri. Nkhani ya ndalamayo ndiyikhudza kumapeto, usathamangire kumeneko.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandidula mawu, ndiponso nthawi zonse umakhala uli panjira, kuchoka kuntchito ina kuthamangira ina. Kalata ilibe phuma, uyiwerenge tsiku limene wagona mokwanira.

Lamulungu lapitali titamaliza kucheza pa WhatsApp sunadule foni msanga. Ndinakumva ukumukalipira mwana chifukwa cha homuweki. Unamuuza kuti Livingstone pa msinkhu wake womwewo ankagwira ntchito m'fakitale kuyambira mbandakucha mpaka usiku, kenako n'kupitanso kusukulu, ndiye iye akudandaula chiyani ali m'nyumba yofunda, mimba ili yokhuta. Mwanayo sanayankhe. Ine ndinakhala pa mkeka foni ili m'manja, manyazi atandigwira, chifukwa mawu amenewo ndinawazindikira. Ndi anga. Ndinkakuuza iwe uli wamng'ono, ndipo ndinawauza ana ambirimbiri zaka zonse zimene ndinagwira choko. Mwana akabwera osasamba, kapena akasinza m'kalasi, ndinkatulutsa Livingstone ngati mmene aphunzitsi ena ankatulutsira chikoti. Choncho ngati pali wolakwa, woyamba ndine, ndipo ndikufuna ndikonze zimene ndinakuphunzitsa mokhota.

Ukukumbukira chaka chatha mutanditenga kukaona Blantyre wa kwanuko. Tinakwera sitima ku Glasgow Central, posakhalitsa tatsika, n'kuyenda wapansi kutsetsereka cha kumtsinje wa Clyde. Ine ndinali nditavala majuzi awiri ndi chitenje pamwamba, inu mukundiseka. Ndinkayembekeza kuona chinthu chachikulu, poti dzinali kwathu kuno ndi la mzinda wathunthu. Tinapeza nyumba yoyera yosanjikizana katatu, ya masitepe ozungulira ngati chigoba cha nkhono. Pokwera ndinapuma kawiri. Titalowa m'chipinda chimene David Livingstone anabadwiramo pa 19 March 1813, inu munajambula zithunzi n'kupitirira, ine ndinatsalira. Ndinachiyenda kuchokera pakhomo kukafika pawindo, ndipo mapazi anga a nkhalamba anatha ndisanayambe n'kuwerenga bwino. Khitchini yathu ya panja ija siyikusiyana nacho kwenikweni.

Nyumba imeneyo, ya Shuttle Row, munkakhala mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi. Mophikira momwemo, modyera momwemo, mogona momwemo. Mabedi anali olowa m'khoma ngati makabati, ndipo pansi pake ankasungapo kabedi kena kokoka usiku kuti ana agonepo. Mpopi munalibe. Madzi ankatunga panja n'kukwera nawo masitepe aja, madzi akuda n'kutsika nawonso. Mayi wina aliyense wa m'nyumbamo ankachita zimenezo ali ndi pakati, kunja kuli chisanu chija choumitsa madzi. Mayi ake a David, Agnes Hunter, anabereka ana asanu ndi awiri, awiri n'kumwalira ali aang'ono. Ndinaima mmenemo ndikuganiza kuti matenda akalowa ankamugoneka pati wodwalayo, maliro ankawayika pati, mtsikana akatha msinkhu ankavalira kuti. Ife tinakula osauka kuchigwa, sindikana, koma anyamata anali ndi gowelo lawo, atsikana tinkagona kukuka kwa agogo, ndipo kukatentha tinkayala mphasa pabwalo. Umphawi wa anthu aja unali wotsekeredwa m'makoma anayi, dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane m'miyezi yozizira.

Iwonso anali obwera, ngati iwe. Agogo ake aamuna a David anachoka pa kachilumba ka Ulva mu 1792 chifukwa kamunda kawo sikankakwanitsanso kudyetsa banja. Anali olankhula Chigaelic, anthu a kumapiri ndi kuzilumba amene a m'tauni ankawaona ngati otsalira. Anatsikira ku Blantyre chifukwa fakitale ya thonje, imene inamangidwa mu 1785 m'mbali mwa Clyde kuti madzi aziyendetsa makina, inkafuna manja, makamaka mabanja a ana ambiri. Nyumba zinali za kampani, sukulu ya kampani, belu lodzutsa anthu la kampani. Ukachotsedwa ntchito ndiye kuti denga lapitanso. Pamenepa ndinakumbukira zimene unandifotokozera, zoti chilolezo chako chokhalira kumeneko n'chomangirira kwa amene anakulemba ntchito, ndiye ngakhale atakuwonjezera mashifiti umangovomera. Ndinamva chifuwa kulemera.

Tsono ntchito imene ine ndinkaitchula m'kalasi ngati nyimbo ija, tiye tiyione bwinobwino. Mwana wa zaka khumi ankalowa 6 koloko m'mawa n'kutuluka 8 koloko usiku, kupuma kwake kuli pa chakudya cha m'mawa ndi cha masana basi, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Ntchito yake inali yolumikiza ulusi. Makina opota ulusi ankakoka timaulusi tambirimbiri nthawi imodzi, ndipo kena kakaduka mwana ankayenera kukaona msanga, kuthamangira pomwepo, n'kupotokola nsonga ziwirizo ndi zala kuti zigwirane, makina osaima. Akachedwa ulusi unkawonongeka, ndipo wamkulu woyang'anira makinawo, amene malipiro ake ankadalira kuchuluka kwa ulusi, sankachedwa kutambasula lamba. Ana ankakwawa pansi pa makina, kukwera pamwamba, kupita uku ndi uku, moti pa tsiku mwana ankatha kuyenda mtunda wofika makilomita 30 osatuluka m'chipinda chimodzi. M'katimo ankatenthetsamo dala ndi kusungamo chinyezi kuti ulusi usamaduke, ndiye mwana ankatuluka ali thukuta kamukamu n'kukumana ndi mphepo yachisanu ya kumtsinje. Phokoso losamvana. Fumbi la thonje m'mphuno ndi m'chifuwa.

Thonje ndimalidziwa ine. Ndinatola thonje ku Chikwawa ndisanayambe n'sukulu yomwe, zala zikung'ambika ndi timinga ta makoko ake, ndipo tikamalisankha pakhonde tinkatsokomola mpaka usiku. Koma ife dzuwa likafika paliwombo tinkathawira pansi pa mtengo, ndipo nyengo yokolola ikatha tinkapuma. Makina alibe nyengo. Ana ambiri a m'mafakitale amenewo ankakula ali opindika miyendo chifukwa choimirira tsiku lonse mafupa asanakhwime, ena zala zinkatsalira m'makina. Zimenezi ine m'kalasi sindinkazinena. Ndinkalumpha n'kufika pa buku.

Chinanso chimene sindinkachinena n'chakuti eni dzikolo sananyadire moyo umenewo, anauthetsa. Mu 1819 nyumba ya malamulo ya Britain inaletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka 9 m'mafakitale a thonje, koma popeza panalibe woyendera, eni mafakitale ambiri ankangochita zawo. Mu 1833 panabwera lamulo lina lochepetsa maola a ana, ndipo anasankha oyendera mafakitale, anayi okha dziko lonselo. Kumtunda kwa Clyde yemweyo, ku New Lanark, Robert Owen, mkulu wa fakitale ya thonje ya kumeneko, anali atasiya kale kulemba ana osakwana zaka khumi n'kuwatsegulira sukulu mu 1816, anzake akumuona ngati wowononga chuma. Lamulo lokakamiza mwana aliyense wa zaka 5 mpaka 13 kupita kusukulu ku Scotland linadzabwera mu 1872, Livingstone atatsala chaka chimodzi kuti amwalire kwa Chitambo. Panatenga mibadwo kuti mwana wa kumeneko akhale ndi ufulu wokhala mwana. Mdzukulu wanga akudya zipatso za nkhondo imeneyo, ndiye ife tizimuchititsa nazo manyazi?

Ndipatuke pang'ono. Thonje limene kamnyamata kaja kankalumikiza linkachokera kuminda ya ku America ndi ku West Indies kumene ankalima ndi akapolo, anthu akuda ngati ife. Ulusi umodzi womwewo, kumapeto uku kuli mwana wa kapolo akutola, kumapeto uko kuli mwana wa mmphawi wachizungu akulumikiza, phindu likupita kwa wina amene sanagwirepo thonje ndi dzanja. Atadzafika kuchigwa cha Shire mu 1859 n'kupeza Amang'anja akulima thonje lawo, kupota ndi kuwomba nsalu, anaganiza kuti thonje la kuno lingathetse msika wa thonje la akapolo. Sizinayende mmene ankaganizira, koma ndimamvetsa chifukwa chake maso ake anakodwa pa thonje. Linali m'zala zake kuyambira ali mwana.

Tibwerere ku buku lija. N'zoona, pa malipiro ake a sabata yoyamba anatengapo n'kugula buku lophunzirira Chilatini. N'zoona, ankaliyika pa makina n'kumaba chiganizo chimodzichimodzi akamadutsa. N'zoonanso kuti akaweruka 8 koloko ankapita kusukulu ya usiku mpaka 10 koloko. Koma sukulu imeneyo sinali ya iye yekha, inali yotsegukira ana onse a pafakitalepo. Ali kuti enawo? M'nyumba ija munali mabanja ena 23. Ndinayenda m'zipinda zonse zija ndikudzifunsa za ana awo, amene ankafika pabenchi n'kugwa tulo mutu uli pa sileti. Sanali aulesi. Mwana amene wayenda makilomita 30 sungamutche waulesi chifukwa maso akana kutseguka. Anakula, anakwatira, anabereka ana amene analowanso m'fakitale momwemo, mpaka inatsekedwa mu 1904, ndipo palibe mzinda umene unatchedwa dzina chifukwa cha iwo. Ine kwa zaka zonse zija ndinkatenga mmodzi amene anapulumuka n'kumakwapula naye ana amene anali ngati otsalawo. Ndikukumbukira kamtsikana kena ka Sitandade 6 kamene kankasinza tsiku lililonse. Ndinakaimiritsa kutsogolo n'kukauza za Livingstone anzake akuseka. Patapita nthawi ndinadzamva kuti kankadzuka 3 koloko kukazinga mandasi a mayi ake odwala. Chaka chotsatira sikanabwerenso. Nkhope yake ndimaionabe.

Ukandifunsa chimene chinamutulutsa David m'fakitale, ine sindinenanso kuti ndi umphawi. Umphawi unali pa onse. Chimene chinali m'chipinda chawo n'kusowa m'zipinda zambiri ndi ichi: bambo ake, Neil, ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa tiyi, phindu lake losaoneka, koma anali munthu wowerenga, wosamwa mowa, wophunzitsa Sande sukulu, ndipo madzulo ankapezeka pakhomo. Ana ankamuona ali ndi buku m'manja. Sanali mngelo ayi. Ankaopa mabuku a sayansi poganiza kuti amapha chikhulupiriro, ndipo ulendo womaliza umene anamukwapula David chinali chifukwa chokana kuwerenga buku lachipembedzo limene anamusankhira. Ndodoyo sinaphule kanthu, mwanayo anapitiriza kudana ndi mabuku otero kwa zaka zingapo. Izi uzisunge, iwe wokonda kukalipa.

Ndiponso sizinachitike msanga monga ndinkafotokozera. Anakhala wolumikiza ulusi mpaka atakwana zaka 19, m'pamene anamukweza kukhala woyendetsa makina, malipiro n'kukwerako. Anasunga pang'onopang'ono, n'kukayamba maphunziro a udokotala ku Anderson's College ku Glasgow mu 1836 ali ndi zaka 23. Zaka 13 m'fakitale asanaponde pakhomo pa koleji. Ngakhale pamenepo ankaphunzira miyezi yozizira, nyengo yotentha n'kubwerera ku makina kukapeza fizi. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Amuna anga aang'onowo ali ndi zaka khumi zokha, ukuwathamangitsira kuti?

Koma munthu amene anandikhudza kwambiri m'nkhani yonseyi ndi mayi uja. David mwini wake anasimba kuti akabwera kusukulu ya usiku ankapitiriza kuwerenga mpaka pakati pa usiku kapena kupitirira, pokhapokha mayi ake atadzuka n'kumulanda mabuku m'manja. Taganiza. Mayi wosauka, amene chiyembekezo cha banja chili pa mutu wa mwana ameneyu, akudzuka pabedi la m'khoma n'kulanda buku, chifukwa akudziwa kuti belu lilira kusanache ndipo thupi la mwana lili ndi malire. M'zaka zonse zimene ndinaphunzitsa nkhaniyi, mayi ameneyu sindinamutchulepo ngakhale kamodzi.

Tsopano mbali yowawa, imene iwe uyenera kuimva kuposa mwana wako. Kulimba mtima kumene fakitale inamuphunzitsa kunamuyendetsa mitunda imene tonse timaidziwa, koma kunyumba kwake kunasiya mabala. Mu 1852 anakweza mkazi wake Mary ndi ana anayi sitima ku Cape Town kuti apite ku Britain, iye n'kubwerera kumtunda. Anadzawaonanso kumapeto kwa 1856. Zaka zimenezo Mary anavutika, kusamvana ndi apongozi ake, kusamukasamuka m'nyumba za lendi, ndalama zosakwana, dziko lachilendo lozizira. Mwana wawo womaliza, Anna Mary, anabadwa mu 1858 ndipo anaonana ndi bambo ake koyamba ali ndi zaka zisanu, mayi ake atamwalira kale ku Shupanga, ku Mozambique, mu 1862. Woyamba kubadwa, Robert, anakula wosokonekera, anakalowa usilikali pankhondo ya pachiweniweni ya ku America pogwiritsa ntchito dzina lina, n'kufera m'ndende ya asilikali ogwidwa mu 1864 ali ndi zaka 18. Chakumapeto kwa moyo wake Livingstone analemba kuti chimene ankanong'oneza nacho bondo pa zaka zake za ku Kolobeng, ku Botswana, kumene ankakhala ndi banja lake, n'chakuti sankapatula nthawi yosewera ndi ana ake. Ankagwira ntchito tsiku lonse, madzulo n'kukhala atatopa, ndipo pamene ankazindikira analibenso woti asewere naye.

Sindikunyoza munthu amene makolo athu anamulemekeza. Ndikungoti tinatenga theka la nkhani.

Iwe mwana wanga, masana uli kosamalira okalamba, kunyamula anthu, kuwasambitsa, kuwadyetsa. Usiku katatu pa sabata uli kunyumba yosungira katundu kulongedza makatoni. Pamene ndinali kwanuko ndinawerenga: m'masabata asanu ndi limodzi unadya nafe chakudya chamadzulo kasanu ndi kawiri. Tsiku lina ndinakupeza wagona pampando nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja. Mwana anabwera ndi kope lake, anaima n'kukuyang'ana, kenako anabwerera mwakachetechete kuchipinda kwake. Iwe sunaone, ine ndinaona. M'nyumba mwanu amene akukhala moyo wa m'fakitale ya Blantyre si mwanayo, ndiwe. Ndipo ukatopa choncho, mphindi khumi zimene wakhala naye zimathera kukalipa.

Mwanayo ali ndi katundu wake amene iwe sunasenzepo. Anandiuza tikuyenda kuchokera kusukulu kuti anzake amamuseka kalankhulidwe, ndipo akabwera kunyumba inu mumamusekanso kuti Chichewa chake chapindika. Masamu ogawa akumuvuta, ndinakhala naye masiku atatu ndi nyemba pathebulo ndipo anayamba kugwira. Si wopusa, si waulesi. Akufuna munthu wokhala naye pansi. Apongozi anga akuyesetsa, koma nawonso ali ndi mashifiti awo, ndipo pali zina zimene mnyamata amafuna kuzimva kwa bambo ake. Leka kumuuza za Livingstone mpaka adzakule n'kutha kuimva nkhani yonse, ya ulusi, ya ana a mabanja ena 23 aja, ya Robert.

Ndafika pa ndalama paja. Ndikudziwa kuti ntchito ya usikuyo unayiyamba chifukwa cha ife, makamaka nyumba ikumangidwayi. Takambirana ndi bambo ako ndipo tagwirizana. Kuyambira mwezi wamawa uzitumiza theka la zimene umatumiza. Nyumba yafika pa mawindo, iyime pomwepo chaka chino, njerwa zowotcha sizivunda. Tiphimba makoma ndi mapepala apulasitiki mvula isanayambe. Imene tikukhalayi sikudontha, ndipo penshoni yanga ndi za kudimba zikutikwanira ndiwo ndi sopo. Mlongo wako watsala ndi chaka chimodzi, fizi yakeyo ndiye usasiye. Achibale amene amakuimbira mwachindunji kupempha za feteleza ndi za zinkhoswe uziwatumiza kwa ine, ndidzawayankha ndekha, pakamwa ndili napo. Amalume ako ndawauza kale, anang'ung'udza koma amva.

Usandiyankhe kuti ukhoza kupirira. Ndikudziwa kuti ukhoza, ndinakulera ndine, ndipo kupirira kumeneko ndinakuthira ndekha mopitirira muyezo. Ntchito ya makatoniyo usiye pakutha pa mwezi uno. Ngati pali ngongole imene sunandiuze, undiuze, tiyiwerengere limodzi.

Loweruka loyamba limene udzakhale womasuka, umutenge mwanayo mukwere sitima ija mupitenso ku Blantyre. M'nyumba muja musalowe, munalowamo kale. Mukatsikire kumtsinje, pa mlatho wa anthu oyenda pansi uja tinaimapo, akaponye timiyala m'madzi monga ankafunira tsiku lija iwe ukuti tichedwa. Umuveke chipewa chimene ndinamulukira, aone ngati chikumukwanabe, ndipo unditumizire chithunzi.

Bambo ako akupereka moni, akuti mankhwala opaka pabondo aja atsala pang'ono kutha, ukapeza wobwera kuno uwapatsire. Moni kwa apongozi anga, uwauze kuti ufa ndi chambo chouma ndapatsira mayi wa kumpingo uja amene akunyamuka sabata ya mawa.

Ndine mayi ako.